WiFi ikasowa kapena kumangoduka pa laputopu ya Linux

Mwaika Ubuntu, Linux Mint kapena Debian pa laputopu, zonse zikuyenda, koma pakona pa sikirini palibe chizindikiro cha WiFi. Kapena chilipo, koma netiweki ya m'nyumba mwanu siyikuoneka. Kapena imalumikiza bwinobwino, pakapita mphindi khumi n'kuduka. Anthu onsewa amadandaula mofanana kuti draiva, kapulogalamu koyendetsa khadi la WiFi la mkati mwa laputopu, yavuta, pamene magwero a mavutowa ndi osiyana kwambiri. Chimene chimataya nthawi ya ambiri ndi kukopera malamulo amene analembedwera khadi lina n'kuwathira pa makina awo. Dzina la laputopu silikuuzani khadi limene lili mkati. Ma HP awiri a mtundu umodzi, ofanana ndendende kunja, wina akhoza kukhala ndi khadi la Intel, mnzake la Realtek, ndipo mankhwala a linalo amangowonjezera vuto pa linzake.

Pezani kaye intaneti kudzera njira ina, chifukwa pafupifupi kukonza kulikonse kufuna kutsitsa kanthu. Ngati palibe waya wa Ethernet, lumikizani foni ya Android ndi waya wa USB, n'kuyatsa USB tethering pa foniyo. Linux imaona foniyo ngati netiweki ya waya ndipo siifuna draiva yapadera. Batani la tethering likakana kuyaka, sinthani wayawo: mawaya ambiri otchipa a chaja amangotchaja basi, sanyamula data. Onaninso bandulo yanu, pakuti phukusi la linux-firmware pa Ubuntu limadya mamegabayiti mazana angapo.

Dziwani khadi lanu ndi nambala yake

Tsegulani terminal, lembani:

`lspci -nnk | grep -iA3 net`

Funani mzere umene uli ndi mawu akuti Network controller. Kumapeto kwake kuli manambala awiri olekanitsidwa ndi madontho awiri, monga 10ec:c821. Yoyamba ndi ya kampani: 8086 ndi Intel, 10ec ndi Realtek, 14e4 ndi Broadcom, 168c ndi Qualcomm Atheros, 14c3 ndi MediaTek. Yachiwiri ndi ya chip yeniyeniyo. Lembani manambalawa papepala. Pofufuza pa intaneti gwiritsani ntchito amenewa, osati dzina la laputopu.

Pansi pake pali mizere iwiri imene anthu amaisokoneza. Wakuti Kernel modules ukutchula madraiva amene kompyuta ili nawo oyenera khadilo. Wakuti Kernel driver in use ukutchula draiva imene yagwiradi khadilo panopa. Mizere yonse iwiri ikasowa, ndiye kuti draiva mulibe. Woyambawo ukakhalapo koma wachiwiri palibe, draiva ilipo koma yalephera kudzuka, kapena china chake chaitsekereza. Yonse ikakhalapo, musayerekeze kuika draiva ina. Vuto lili patsogolo.

Khadi likapanda kuoneka pa lspci, yesani `lsusb`, chifukwa malaputopu ena ang'onoang'ono amalumikiza WiFi yamkati kudzera pa USB, ndipo kumeneko Realtek imaoneka ndi nambala ya 0bda. Likasowa konsekonse, kawirikawiri palibe draiva imene ingathandize. Lowani mu BIOS, menyu ya makina imene imatsegulidwa laputopu ikangoyaka, muone ngati Wireless LAN siyinazimitsidwe. Kenaka zimitsani laputopu, chotsani chaja ndi batire ngati limachoka, dinikizani batani loyatsira kwa masekondi 30, muyatsenso. Likakanabe, mwina khadilo lakhwefuka pamalo pake kapena lafa.

Loko ya rfkill

Ichi n'chachidule, koma chimapulumutsa maola. Lembani `rfkill list`. Pa khadi lililonse muona Soft blocked ndi Hard blocked. Soft blocked ikakhala yes, loko yake ndi ya pulogalamu, ndipo `sudo rfkill unblock all` imaitsegula. Hard blocked ikakhala yes, lamulo limenelo silichita kanthu, chifukwa loko ikuchokera ku makina: kaswichi kam'mbali pa malaputopu akale, batani la Fn lokhala ndi chithunzi cha ndege kapena cha eriyo, kapena BIOS.

Pali msampha umodzi pano. Pa ma Lenovo ena muona maina awiri, ideapad_wlan ndi phy0. Ngati ideapad_wlan ikuti Hard blocked yes pamene phy0 ikuti no, khadi lili bwino. Module, kapena kuti draiva, ya ideapad_laptop ndi imene ikuwerenga swichi yomwe laputopuyo ilibe n'komwe. Yesani `sudo modprobe -r ideapad_laptop`. WiFi ikadzuka pompo, lembani mzere wakuti `blacklist ideapad_laptop` mu fayilo yatsopano /etc/modprobe.d/ideapad.conf. Mtengo wake ndi wakuti mabatani ena a Fn akhoza kusiya kugwira ntchito, choncho yesani kaye kernel yatsopano (kernel ndi mtima wa Linux, mmene muli madraiva ambiri), pakuti makina ambiri otere anakonzedwa kale. Module ya acer_wmi imachitanso zomwezi ikadzilowetsa pa laputopu imene si ya Acer.

Draiva ilipo, firmware palibe

Makhadi ambiri a masiku ano sagwira ntchito ndi draiva yokha. Nthawi iliyonse kompyuta ikayaka, draiva imatenga kafayilo kotchedwa firmware mu /lib/firmware n'kukatumiza mkati mwa khadi. Kafayiloka kakasowa, khadi limaoneka pa lspci koma `ip link` siionetsa dzina loyamba ndi wl, monga wlan0 kapena wlp2s0. Umboni wake uli apa:

`sudo dmesg | grep -iE "firmware|iwlwifi|rtw|rtl|ath1|mt79|brcm"`

Mzere wakuti Direct firmware load ... failed with error -2 ukutanthauza kuti fayiloyo sinapezeke. Pa makhadi a Intel musathamangire: draiva ya iwlwifi imayamba kufuna firmware ya nambala yapamwamba, n'kumatsika mpaka itapeza imene ilipo, choncho mizere iwiri kapena itatu ya -2 yotsatidwa ndi loaded firmware version si vuto. Mzere woopsa ndi wakuti no suitable firmware found.

Pa Ubuntu ndi Mint yesani: `sudo apt install --reinstall linux-firmware`. Pa Debian zinagawidwa potengera kampani: firmware-iwlwifi, firmware-realtek, firmware-atheros, ndi zina. Kuyambira Debian 12, imene inatuluka mu June 2023, mafayilowa amabwera pamodzi ndi pulogalamu yoikira ndipo amakhala m'gawo lotchedwa non-free-firmware. Amene anakwera kuchokera ku Debian 11 ayenera kuwonjezera okha mawu amenewo kumapeto kwa mizere ya mu /etc/apt/sources.list, apo ayi firmware yawo idzangokhala yakale osalandira zatsopano.

Ngati laputopu ili ndi Windows ndi Linux pamodzi, ndipo dmesg ikuonetsa iwlwifi ... failed with error -110, kawirikawiri firmware ilibe mlandu. Fast Startup ya Windows siizimitsiratu makina, imasiya khadi litagona mwa njira imene Linux singathe kulidzutsa. Lowani mu Windows, pitani ku Control Panel, Power Options, Choose what the power buttons do, chotsani chizindikiro pa Turn on fast startup, zimitsani kwathunthu, muyatse Linux. Anthu ambiri afufuta Linux yabwinobwino chifukwa cha kabokosi kamodzi aka.

Broadcom

Apa ndi pamene pamafunika kudekha, chifukwa Broadcom ili ndi madraiva angapo amene amalimbirana khadi limodzi, ndipo kusankha molakwa kumathetseratu WiFi imene imagwirako pang'ono. Makhadi akale monga BCM4311 ndi BCM4312 amayenda ndi draiva ya b43, imene ili kale mu kernel koma imafuna firmware: `sudo apt install firmware-b43-installer`. Phukusi limeneli limatsitsa mafayilo pa intaneti panthawi yoliika, choncho kulikopera pa flash sikuthandiza. BCM4313, nambala 14e4:4727, imayenda ndi brcmsmac popanda kuwonjezera draiva ina. Koma BCM43142, nambala 14e4:4365, imene ili m'ma Dell, HP ndi Lenovo ambiri akale, komanso BCM4360, nambala 14e4:43a0, ya m'ma MacBook Air, zimafuna draiva ya kampani yotchedwa wl. Pa Debian ndi Ubuntu yatsopano phukusi lake ndi broadcom-sta-dkms. Pa Ubuntu yakale linkatchedwa bcmwl-kernel-source. Pa Fedora limachokera ku RPM Fusion, malo apadera otsitsirako mapulogalamu, ndi dzina la broadcom-wl. Pa Linux Mint, Driver Manager imatha kulitenga pa flash yomwe munaikira Mint ngati mulibe intaneti.

Mukaika wl, phukusilo limatsekereza b43, bcma, ssb ndi brcmsmac. Nchifukwa chake munthu amene anaika wl molakwa pa khadi lofuna b43, kenaka n'kuika b43, amapeza kuti palibe chikugwira: lamulo lotsekereza lija likadalipo. Chotsani phukusi lolakwikalo ndi `sudo apt purge`, osati remove, chifukwa remove imasiya mafayilo a mu /etc. Kenaka onani zotsala:

`grep -r blacklist /etc/modprobe.d/`

Dzina la draiva imene mukuifuna likaoneka pamenepo, fufutani mzerewo, lembani `sudo update-initramfs -u`, muyatsenso kompyuta.

Draiva ya wl ndi yakale ndipo kampani yake inasiya kuikonza kalekale. Siidziwa WPA3. Ngati ikuona netiweki koma ikungofunsa pasiwedi mobwerezabwereza ngakhale mwalemba yolondola, sinthani chitetezo cha rauta kapena hotspot ya foni chikhale WPA2. Imavutikanso ndi chizolowezi cha NetworkManager, pulogalamu yoyang'anira manetiweki, chosintha adilesi ya MAC pofufuza manetiweki. Pangani fayilo /etc/NetworkManager/conf.d/mac.conf yokhala ndi mizere iwiri, `[device]` ndi `wifi.scan-rand-mac-address=no`, kenaka `sudo systemctl restart NetworkManager`. Madongulo ena a USB a Realtek amachiranso ndi mizere yomweyi.

Secure Boot ndi DKMS

Draiva iliyonse imene siinabwere ndi kernel, monga wl, imamangidwa pa kompyuta yanu yomweyo kudzera mu pulogalamu yotchedwa DKMS. Zinthu ziwiri zimailepheretsa. Choyamba, kumangako kumafuna ma header, mafayilo omangira madraiva, a kernel imene ikuyenda: `sudo apt install linux-headers-$(uname -r)`. Lamulo la `dkms status` liyenera kuonetsa installed pafupi ndi nambala yomwe `uname -r` ikupereka. Likaonetsa added yokha, kumanga kunalephera, ndipo chifukwa chake chalembedwa mu fayilo ya make.log pansi pa /var/lib/dkms.

Chachiwiri ndi Secure Boot, chitetezo chimene chimayatsidwa mu BIOS. Draiva imamangidwa bwino, koma `sudo modprobe wl` imayankha kuti Key was rejected by service. Tsimikizani ndi `mokutil --sb-state`. Secure Boot ikayaka, kernel imakana module iliyonse imene ilibe siginecha yodziwika. Ubuntu imakufunsani pasiwedi ya kanthawi poika phukusilo, ndipo mukayatsanso kompyuta pamabwera sikirini ya buluu ya MOK, yovomerezera kiyi imene yasainira draivayo. Ambiri amaiona ngati chosokoneza, n'kudina Continue boot, ndipo mwayi umapita. Zoyenera kusankha ndi Enroll MOK, Continue, Yes, n'kulemba pasiwedi ija. Ngati munaidumpha, pa Ubuntu lembani `sudo mokutil --import /var/lib/shim-signed/mok/MOK.der`, pa Debian kiyi yake ili pa /var/lib/dkms/mok.pub, ndipo sikiriniyo idzabweranso. Kuzimitsa Secure Boot mu BIOS kumagwiranso ntchito, koma ngati Windows ya pa laputopuyo ili ndi BitLocker, loko ya disiki, sungani kaye kiyi yake yobwezeretsera, chifukwa idzaifuna.

Dzulo imagwira, lero yasowa

WiFi ikasowa mutangolandira ma update, ganizirani za kernel. Yatsaninso kompyuta, dinikizani Shift kapena Esc kuti GRUB, menyu yosankhira choyatsa, ioneke, sankhani Advanced options, muyatse ndi kernel yam'mbuyo. WiFi ikabwerera, mwapeza pamene pali vuto. Pa Ubuntu ya kernel 6.14 kapena yam'mbuyo madraiva ambiri a WiFi sakhala m'phukusi lalikulu la kernel, amakhala mu linux-modules-extra. Magetsi akazima kapena bandulo ikatha update ili pakati, kernel yatsopano imatha kulowa phukusi limeneli lisanalowe, ndipo kompyuta imayaka ilibe draiva ya WiFi ngakhale imodzi. Muli mu kernel yakaleyo, malizitsani ntchito inadukayo:

`sudo dpkg --configure -a`
`sudo apt -f install`
`sudo apt full-upgrade`

Kenaka, pa kernel 6.14 kapena yam'mbuyo, onani ndi `dpkg -l | grep linux-modules-extra` kuti nambala ya kernel yatsopano ilipo pa mndandanda.

Vuto lina ndi la kernel yakale pa laputopu yatsopano. Intel AX200 inayamba kugwira ndi kernel 5.1, AX210 ndi 5.10, MediaTek MT7921 ndi 5.12, Realtek RTL8852AE ndi 5.16. Ubuntu 22.04 inatuluka ndi 5.15, 24.04 ndi 6.8, Debian 12 ili ndi 6.1. Khadi lanu likakhala latsopano kuposa kernel, njira yoyera ndi kukweza kernel: phukusi la linux-generic-hwe-22.04 pa Ubuntu 22.04, Update Manager pa Mint, kapena backports, gawo la mapulogalamu atsopano, pa Debian. RTL8821CE, nambala 10ec:c821 ija, ndi chitsanzo chabwino cha malangizo amene anakalamba. Nthawi ya Ubuntu 20.04 ndi kernel 5.4 inkafunadi draiva ya DKMS, koma kuyambira 5.9 draiva ya rtw88 ili mu kernel. Amene akutsatirabe malangizo akalewo amaika draiva imene imalephera kumangika pa kernel yatsopano, ikusiya m'mbuyo mzere wotsekereza rtw88_8821ce, ndipo amatsala opanda zonse ziwiri.

Imalumikiza koma imaduka

Tsimikizani kaye kuti ndi WiFi imene ikuduka, osati intaneti ya kunja. Lamulo la `ip route` likuuzani adilesi ya rauta, kawirikawiri 192.168.1.1 kapena 192.168.8.1 pa ma MiFi ambiri. Lembani `ping` ndi adilesiyo, musiye ikuyenda. Rauta ikamayankha mosalekeza pamene masamba akukana kutseguka, draiva ilibe mlandu. Ndi netiweki ya kampani kapena bandulo.

Rauta yomwe ikamasowa, woyamba kumuganizira ndi kupulumutsa batire. Lembani `iw dev wlp2s0 get power_save`, mutaika dzina la khadi lanu, limene `ip link` ikuonetsa, m'malo mwa wlp2s0. Pa Ubuntu ndi Mint tsegulani /etc/NetworkManager/conf.d/default-wifi-powersave-on.conf, musinthe `wifi.powersave = 3` ikhale 2. Manambalawa amasokoneza: 3 ndi kuyatsa, 2 ndi kuzimitsa. Yambitsaninso NetworkManager.

Izi zikapanda kukwanira, pali kugona kwina kozama kumene kumachitika pa PCIe, kotchedwa ASPM, ndipo makhadi a Realtek ndi MediaTek amalephera kudzukamo pa malaputopu ena. Chizindikiro chake pa rtw88 ndi mizere ya dmesg yonga failed to send h2c command kapena firmware failed to leave lps state. Pangani /etc/modprobe.d/rtw88.conf yokhala ndi mizere iyi:

`options rtw88_pci disable_aspm=y`
`options rtw88_core disable_lps_deep=y`

Pa MT7921 mzere wake ndi `options mt7921e disable_aspm=1`. Pa Intel ndi `options iwlmvm power_scheme=1`. Zimitsani laputopu kwathunthu m'malo mongodina Restart, chifukwa khadi limasunga mmene linalili malinga ngati magetsi akulifikabe. Sinthani chinthu chimodzi, yesani kwa tsiku, kenaka musinthe china. Mukathira mizere isanu nthawi imodzi simudzadziwa umene wathandiza, ndipo ina idzangokudyerani batire pachabe.

RTL8723BE, nambala 10ec:b723, ili ndi vuto lakelake. Imalumikiza mukakhala pafupi ndi rauta, mukangopita chipinda china n'kufa. Khadili lili ndi malo awiri olumikizapo eriyo, koma opanga malaputopu ena, makamaka ma HP otsika mtengo, anaika waya umodzi wokha, ndipo draiva imamvetsera mbali yopanda waya. Yesani motere:

`sudo modprobe -r rtl8723be`
`sudo modprobe rtl8723be ant_sel=2`
`nmcli dev wifi list`

Onani nambala ya SIGNAL pa netiweki yanu, bwerezani ndi ant_sel=1, musankhe imene yapereka nambala yaikulu. Kusiyana kwake kumakhala koonekeratu. Ikhazikitseni ndi mzere `options rtl8723be ant_sel=2`, kapena 1, mu /etc/modprobe.d/rtl8723be.conf. Pa khadi lina lililonse, `iw dev wlp2s0 link` imapereka mphamvu ya siginolo mu dBm: -50 ndi yabwino kwambiri, -70 ndi yofooka, -80 ndi yongodukaduka. Mukapeza -75 muli mita imodzi kuchokera pa rauta, tsegulani pansi pa laputopu muone timawaya tiwiri, kakuda ndi koyera kapena kotuwa. Kawirikawiri kamodzi kamakhala katazuka, kapena kanadukira pa hinji ya sikirini.

Manetiweki a ena akuoneka, anu ayi

Makhadi monga RTL8723BE ndi BCM43142 amamva 2.4 GHz yokha. Hotspot ya foni ikakhala pa 5 GHz saiona n'komwe. Isintheni pa foniyo. Chifukwa china ndi tchanelo. Rauta ikadzisankhira tchanelo 12 kapena 13, khadi limene likuganiza kuti lili ku United States silifika kumeneko, pakuti kumeneko amalekeza pa 11. Izi zimachitika kwambiri ndi malaputopu ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera kunja. Onani ndi `iw reg get`, sinthani ndi `sudo iw reg set MW` ngati muli ku Malawi, ZM ku Zambia, ZA ku South Africa, GB ku Britain. Kuti zikhazikike, ikani `options cfg80211 ieee80211_regdom=MW` mu /etc/modprobe.d/cfg80211.conf. Makhadi atsopano a Intel amadzisankhira okha dziko ndipo samvera lamulo limeneli, choncho njira yosavuta kwa onse ndi kukhazikitsa rauta pa tchanelo 1, 6 kapena 11.

Ikagona siidzuka

Mukatseka laputopu n'kuitsegulanso, WiFi n'kusowa, yesani kutulutsa draiva n'kuibweza: `sudo modprobe -r mt7921e` kenaka `sudo modprobe mt7921e`, kapena dzina la draiva yanu. Pa Intel tulutsani iwlmvm kaye, kenaka iwlwifi. Zikathandiza, lembani fayilo /usr/lib/systemd/system-sleep/wifi kuti zizichitika zokha:

`#!/bin/sh`
`case $1 in`
`pre) modprobe -r mt7921e ;;`
`post) modprobe mt7921e ;;`
`esac`

Musaiwale `sudo chmod +x` pa fayiloyo, apo ayi systemd imangoidumpha osanena kanthu.

Kusintha khadi

Khadi la Broadcom lodalira wl lidzakuvutitsani pafupifupi nthawi iliyonse kernel ikasintha kwambiri, ndipo kwa amene amadalira laputopuyo pa ntchito kapena maphunziro, kulisintha n'kwanzeru kuposa kulimbana nalo chaka ndi chaka. Yesani kaye kuyatsa Ubuntu kapena Fedora yatsopano kuchokera pa flash osaiika. WiFi ikagwira kumeneko, khadi lili bwino ndipo chofunika kukonza ndi Linux imene muli nayo.

Ngati mwasankha kugula, tsegulani laputopu muone malo ake. Makina akale amagwiritsa ntchito mini PCIe, atsopano M.2 2230, ndipo timitu ta mawaya a eriyo timasiyana kukula: U.FL pa akale, MHF4 yaing'ono pa atsopano. Pa M.2, Intel AX200 kapena AX210 imagwira pa makina a Intel ndi a AMD omwe. Chenjerani ndi AX201 ndi AX211: maonekedwe ndi ofanana, koma zimadalira mbali ina ya WiFi imene ili mkati mwa ma chip ena a Intel, ndipo pa AMD siziyaka. Ma ThinkPad ndi ma HP ena akale ali ndi BIOS imene imakana khadi losakhala pa mndandanda wake, mpaka kukana kuyaka; pa amenewo funani khadi lochokera mu laputopu ya kampani yomweyo. Posintha, chotsani chaja ndi batire, zulani timawaya mowongoka kupita m'mwamba ndi chikhadabo, masulani kamsomali kamodzi kopota kamene kagwira khadi, lowetsani latsopano mopendekeka, n'kubweza waya wa Main pa Main ndi wa Aux pa Aux mpaka kamutu kalikonse katalowa kuti khethe. Ngati khadi linawotcheredwa pa bodi, chotsala ndi dongulo ya USB, ndipo sankhani potengera chip yake: MediaTek MT7612U ndi MT7921AU komanso Atheros AR9271 zili ndi madraiva mu kernel momwemo, sizifuna DKMS. Wogulitsa akalola, iyeseni pa laputopu yanu pompo ndi `lsusb` ndi `nmcli dev wifi list` musanalipire.